Nsalu ya chamba njolimba, koma nayo imapsa

Nkhani ili m'munsiyi idakambidwa pamaso pa atelala, ogulitsa nsalu ndi alimi ena. Taisindikiza monga momwe idakambidwira.

 Ndapemphedwa kuti ndiyankhe mafunso awiri okhudza nsalu yopangidwa kuchokera ku chamba cha mafakitale, chimene Angerezi amachitcha hemp. Funso loyamba nlakuti, kodi nzoona kuti nsalu imeneyi siitha msanga? Lachiwiri nlakuti, kodi nzoona kuti siigwira moto?

Ndiyankhiretu, kuopa kuti ena angatuluke nkhani ili pakati. Funso loyamba yankho lake ndi inde, ngakhale pali mawu oti ndionjezerepo. Funso lachiwiri yankho lake ndi ayi. Nsalu ya chamba imayaka monga momwe imayakira nsalu ya thonje. Ndikutsindika zimenezi chifukwa munthu akanamizidwa za kulimba kwa nsalu amangotaya ndalama, koma akanamizidwa za moto amataya khungu, mwinanso moyo. Mayi amene wauzidwa kuti chitenje chake sichipsa adzayandikira mbaula mosaopa, ndipo tsokalo lidzakhala litachokera pakamwa pa wogulitsa.

Chamba chake nchiti?

Ndikuona ena akumwetulira pomva dzina lakuti chamba. Nzoona kuti mbewu imeneyi ndi mtundu umodzi ndi chamba chosuta chija, ndipo akatswiri a zomera amazitcha zonse Cannabis sativa. Kusiyana kwake kwagona pa mankhwala oledzeretsa otchedwa THC. M'chamba cha mafakitale mankhwalawa ngochepa kwambiri. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu February 2020 lidaika malire a gawo limodzi pa magawo 100 alionse, pamene lamulo la ku America la 2018 lidaika 0.3 pa 100. Lamulo lathulo lisanabwere, mbewuyi idayesedwa ku Chitedze kuyambira 2015. Lamulolo silidaloleze kusuta, ndipo wofuna kulima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Amene angayese kusuta malaya ake adzangotsokomola basi.

Chamba cha nsalu amachifesa mothinana kuti chisachite nthambi, koma chikule mowongoka ngati bango, mamita awiri mpaka anayi. Chofunika si masamba kapena maluwa ayi, koma luzi limene lili m'khungwa la phesi. Aliyense amene adasendapo luzi la mombo kuti amangire denga akudziwa kale mmene luzi la m'khungwa limalimbira. Akadula mapesi amawagoneka m'munda milungu ingapo kuti mame ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tiwoletse zomatira zimene zimagwira luzi, kapena amawaviika m'madzi. Kenaka amawaumitsa, kuwaphwanya, kupesa luzilo ndi kulipota kuti likhale ulusi. Ntchito yowoletsayi ndiyo imafuna diso. Mapesi akachotsedwa msanga luzi limakhala lokhakhala, akachedwa luzi limafooka, ndipo nsalu yake singalimbe ngakhale itaombedwa ndi makina abwino chotani.

Umboni wa kulimba

Kuti luzi la chamba ndi lolimba sitikumvera kwa amalonda a lero ayi. Kwa zaka mazanamazana zombo za ku Ulaya zinkayenda ndi matanga ndi zingwe za chamba. Mawu a Chingerezi akuti canvas, nsalu yochindikala ija timapangira matenti ndi malona, adachokera ku mawu akuti cannabis. M'chaka cha 1533 mfumu Henry VIII ya ku England idalamula alimi a minda ikuluikulu kuti azipatula kadera kolimapo chamba kapena mbewu ya lineni. M'chaka cha 1942, Japan italanda Philippines kumene America inkagula luzi la zingwe, boma la America lidatulutsa kanema wotchedwa Hemp for Victory wolimbikitsa alimi kuti alime chamba, chikhalirecho boma lomwelo lidali litaipanikiza mbewuyi ndi lamulo la msonkho mu 1937. Nkhondo ikavuta anthu amakumbukira chimene chimagwiradi ntchito.

Pa zovala, anthu a ku China akhala akuvala nsalu ya chamba kwa zaka zikwizikwi, ndipo mpaka lero nsalu zambiri za chamba zimene zili pa msika wa dziko lapansi zimaombedwa kumeneko. Ku Korea kuli nsalu yotchedwa sambe, yotchuka m'dera la Andong, imene amavala m'nyengo yotentha ndiponso kuvekera maliro.

Chinsinsi cha kulimbaku nchosavuta kumvetsa. Kaulusi kamodzi ka thonje kamatalika pafupifupi masentimita awiri kapena atatu. Mtolo wa luzi la chamba umatha kupitirira mita. Ulusi wopotedwa ndi luzi lalitali uli ndi mfundo zochepa zothawirana, choncho suduka wamba ukakokedwa. Komanso luzi limeneli silifooka likanyowa, ndipo nsalu yake, imene imayamba ili yokhakhala, imanka ifewa pamene ikuchapidwa.

Tsopano mawu oonjezera aja. Choyamba, luzi la chamba silitamuka. Nchifukwa chake malaya ake sataya maonekedwe, koma nchifukwa chakenso amakwinyika msanga, ndipo pamene nsalu imapindika malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, monga pa kolala, pa mpendero ndi pa mzere wa simbi, mpamene imayambira kuperepeseka. Atelala, musakanikize simbi pa mzere womwewo nthawi zonse, ndipo siyani malo okwanira m'maondo ndi m'zigongono, pakuti nsalu yosatamuka ikathina imakoka msoko.

Chachiwiri, mudzamva ena akunena kuti chamba sichiola. Amalinyero akale akadaseka. Zingwe za chamba zinkamwa madzi nkuyamba kuolera m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo nchifukwa chake ankazipaka phula. Chovala cha chamba mukachiunjika chili chonyowa m'nyengo ya dzinja chidzachita chuku monga chovala china chilichonse. Mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi klorini nawonso amadya ulusi wake.

Chachitatu, zovala zambiri zolembedwa kuti nza chamba si za luzi lalitali lija. Makina ambiri opota ulusi, monga amene adaikidwa m'fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, adapangidwira thonje. Kuti chamba chidutse m'makina otere amachidula ndi kuchifewetsa mpaka chifanane ndi thonje, kenaka nkuchisakaniza, kawirikawiri magawo 55 a chamba ndi 45 a thonje. Nsalu yake imakhala yofewa ndi yokoma kuvala, koma mbali ina ya mphamvu ija yatsala m'fakitale. Motero wina akakuuzani kuti malaya awa adzakhala kuwirikiza katatu kuposa a thonje, mufunseni kuti ulusi wake ngwotani, nsaluyo njolemera bwanji, nanga yaombedwa mothinana motani. Buluku la thonje lochindikala lidzaika m'manda malaya atatu a chamba opyapyala.

Palinso nthano yakuti majinzi oyamba a Levi Strauss adali a chamba. Olemba mbiri a kampaniyo amakana. Mabuluku okhomedwa timisomali amene adalembetsedwa mu 1873 adali a thonje. Chamba chili ndi mbiri yokwanira, sichifunika kuchibwerekera ya eni.

Nanga moto?

Apa ndiye ndikupempha kuti mutchere khutu. Luzi la chamba, thonje, lineni, pepala ndi nkhuni zonse nzapachibale, pakuti thupi lake ndi chinthu chimodzi chotchedwa cellulose. Chinthu chimenechi ndi chakudya cha moto. Mukayatsa kansalu ka chamba kamagwira msanga, kamayaka ndi lawi lachikasu, kamanunkha ngati pepala lopsa, ndipo kamasiya phulusa lofewa lotuwa. Lawi likazima, m'mphepete mwake mumapitirira kunyeka ngati khala, ndipo mphepo ikaomba moto ukhoza kudzukanso.

Akatswiri ali ndi njira yoyezera zimenezi. Amafufuza kuti nsalu imafuna mpweya wa okosijeni wochuluka bwanji kuti ipitirize kuyaka. Mpweya umene tikupumawu uli ndi magawo 21 a okosijeni pa 100 alionse. Thonje limangofuna magawo pafupifupi 18, kutanthauza kuti mpweya wamba ngwokwanira ndi kutsalako, ndipo chamba chili m'gulu lomwelo. Ubweya wa nkhosa umafuna magawo pafupifupi 25, nchifukwa chake umavuta kuyatsa, umangofuka nkuzima wokha ukachotsedwa pa lawi. Nsalu za ozimitsa moto, monga Nomex, zimafuna ochuluka kuposa apo. Mukuona tsono kuti pa mndandanda umenewu chamba chili pansi pamodzi ndi thonje.

Kodi bodzali lidachokera kuti? Ine ndikuona magwero awiri. Gwero loyamba ndi zomangira nyumba. Ku France ndi maiko ena amatenga mtima wa phesi la chamba, umene umatsala akachotsa luzi, nkuusakaniza ndi laimu kupanga makoma. Makoma amenewa savuta kuteteza ku moto, ndipo anthu amaonetsa zithunzi akuwawotcha ndi lawi osayaka. Koma chimene chikukana moto pamenepo ndi laimu amene wakuta chambacho. Malaya anu alibe laimu.

Gwero lachiwiri lili ndi choonadi pang'ono, ndipo ndi pamene chamba chimaposera nsalu zambiri za pa kaunjika. Nsalu ya chamba siisungunuka. Poliyesita ndi nayiloni ndi mapulasitiki, ndipo zimasungunuka kutentha kukafika pakati pa madigiri 220 ndi 260. Zimatha kuchedwa kugwira lawi chifukwa zimakhwinyata kuthawa moto, koma zikapsa zimadontha ngati phula nkumatirira pakhungu, ndipo bala lake limalowa m'kati. Nchifukwa chake owotcherera zitsulo ndi ogwira ntchito za magetsi amalangizidwa kuti asavale za pulasitiki m'kati mwa ovololo. Pamenepa chamba, thonje ndi ubweya zimapambana. Koma kusasungunuka ndi kusayaka ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wogulitsa amene akuziphatikiza akukugulitsani chikomekome cha mkuyu.

Chenjeraninso ndi nsalu zosakaniza. Mwina mungaganize kuti chamba chikasakanizidwa ndi poliyesita ndiye kuti mwapeza zabwino za mbali zonse. Pa nkhani ya moto zimatembenuka. Ulusi wa chomera ukapsa umasiya kamphanda ka makala, ndipo kamphandako kamagwira pulasitiki wosungunukayo kuti asadonthe nkuthawa, choncho amayakira pomwepo ngati mafuta pa chingwe cha koloboyi. Zimenezi zidadziwika kalekale pa nsalu za thonje losakaniza ndi poliyesita, ndipo chamba sichisiyana.

Chimene chimasiyanitsa nsalu ndi nsalu

Popeza luzi lokha silikutetezani, nchiyani chimene chimachedwetsa moto? Choyamba ndi kulemera ndi kuthinana kwa nsalu. Pepala limodzi la nyuzi limayaka kamodzinkamodzi, koma buku lotseka limavuta kuyatsa chifukwa mpweya sulowa pakati. Nsalu nayo nchimodzimodzi. Jinzi yolemera magalamu 400 pa sikweya mita imayaka pang'onopang'ono ndipo imakupatsa nthawi yoti uthimitse. Kansalu kopyapyala koonekera m'kati kamatha m'kuphethira kwa diso. Nsalu zoopsa kuposa zonse ndi zaubweyaubweya pamwamba, zimene amazipesa kuti zifewe, pakuti lawi limathamanga pa timaubweyato. Poti nsalu zambiri za chamba zimakhala zochindikala ndi zosalala, zimaoneka ngati zikukana moto, koma chikugwira ntchito pamenepo ndi kuchindikalako.

Ku America adaphunzira zimenezi ndi misozi. M'zaka za m'ma 1940 ana adapsa ndi mabuluku aubweyaubweya osewerera, ndipo kenaka padabwera majuzi a rayon opesedwa amene ankayaka ngati muuni. Mu 1953 adakhazikitsa lamulo lotchedwa Flammable Fabrics Act. Poyesa, amapendeketsa kansalu, nkukakhudzitsa lawi kwa sekondi imodzi, nkuwerenga nthawi imene moto ukutenga kuti uyende masentimita pafupifupi 13. Nsalu yosalala imene yapsa masekondi atatu ndi theka asanakwane siiloledwa kusokedwa chovala. Nsalu yosalala yolemera magalamu 88 kapena kuposerapo pa sikweya mita saivutitsa nkuiyesa komwe, kaya nja thonje kaya nja chamba. Choncho mukamva kuti nsalu idapambana mayeso a ku America, tanthauzo lake nlakuti siili m'gulu la zoopsa kwambiri, osati kuti siipsa. Ku Britain lamulo la 1985 la zovala zogonera ndilo lidabweretsa timalembo tofiira takuti KEEP AWAY FROM FIRE. Inu amene mudakhalako kunja mudationa, ndipo ngakhale pa kaunjika timapezeka. Mawuwo akutanthauza kuti chovalacho chitalikire moto.

Chachiwiri ndi kasokedwe. Chovala chokhuthukira, cha manja otambalala kapena mpendero wouluzika, chimafika pa moto mwini wake asanazindikire, ndipo mpweya umene uli pakati pa nsalu ndi thupi umakoka lawi kukwera m'mwamba ngati chumuni. Chovala chogwira thupi chimachedwa kugwira ndiponso chimachedwa kuyaka.

Chachitatu ndi mankhwala. Nsalu ya chamba ikhoza kuthiridwa mankhwala ochedwetsa moto, ndipo nzeru imeneyi si ya lero. Cha m'ma 1821 katswiri wa ku France, Joseph Louis Gay-Lussac, atapemphedwa kuti apeze njira yotetezera makatani a m'nyumba za zisudzo, adayesa nsalu za chamba ndi lineni, napeza kuti mchere wa ammonium phosphate ndi borax umathandiza. Taonani, zaka 200 zapitazo anthu ankadziwa kale kuti nsalu ya chamba imafuna chithandizo pa moto. Vuto la mchere wotere nlakuti umachoka ndi madzi, kotero kuti chovala chikachapidwa chitetezo chapita. Mafakitale a masiku ano ali ndi njira zokhalitsa, monga Proban, zimene zimamangirira mankhwala m'kati mwa ulusi, ndipo zovala za ntchito zoyesedwa bwino zimakhala ndi nambala monga ISO 11611 ya owotcherera zitsulo ndi ISO 11612 ya ogwira ntchito pa moto. Mankhwala nawo ngofunika kusamala nawo. Mu 1977 boma la America lidaletsa mankhwala otchedwa Tris m'zovala zogonera za ana atapezeka kuti akhoza kuyambitsa khansa. Ndiye musamangoviika zovala za ana m'chilichonse chimene wina wakuuzani.

Kwathu kuno

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'maiko osauka. Sitifunika kuuzidwa chifukwa chake. Timaphika pansi, pa mafuwa ndi pa mbaula. Magetsi akazima timayatsa kandulo ndi koloboyi. M'miyezi ya June ndi July timaothera moto ana ali pomwepo, ndipo abale athu odwala khunyu amatha kugwera pa moto. Amene adalowako m'chipinda cha opsa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central safuna kumva nkhaniyi kawiri.

Tsono ndikusiyireni malangizo ochepa. Inu atelala, mukamasoka yunifolomu ya wophika kapena epuloni, sankhani nsalu yochindikala yosasakaniza ndi pulasitiki, manja akhale aafupi kapena omanga, ndipo epuloni ikhale yosavuta kuvula msanga. Zovala zogonera za ana zisakhale zazitali zokwekwereza. Wowotcherera zitsulo akabwera kudzasoketsa ovololo ya chamba, muuzeni poyera kuti nsaluyo siisungunuka koma imayaka, ndipo epuloni ya chikopa asaisiye. Chovala cha ntchito chikadzaza mafuta kapena girisi chimasanduka nkhuni, kaya chidali cha nsalu yanji.

Inu ogula ndi ogulitsa, yesani nsalu musanatenge mpukutu wonse. Sololani timaulusi tingapo m'mphepete, m'litali ndi m'lifupi momwe, tigwireni ndi pulayala pamwamba pa mbale ya madzi, panja, ndipo muyatse. Mukamva fungo la pepala nkuona phulusa lofewa, ndiye kuti ndi ulusi wa chomera. Mukamva fungo la tsitsi lopsa, ndi ubweya. Mukaona kakhwinyata nkusiya kampira kolimba kosafikisika ndi zala, muli pulasitiki. Dziwani kuti mayeso amenewa sangakuuzeni ngati nsaluyo nja chamba, ya thonje kapena ya lineni, pakuti zitatuzi zimapsa mofanana. Umenewo ndiwo umboni wa zonse ndanenazi, ndipo mukhoza kuuona ndi maso anu madzulo ano.

Ngozi ikachitika, chovala chikagwira moto, musathamange, pakuti kuthamanga nkukupizira moto. Dzigwetseni pansi, phimbani nkhope ndi manja, ndipo gubuduzikani. Amene ali pafupi athire madzi kapena amufunditse bulangete lochindikala, makamaka la ubweya. Kenaka thirani madzi ozizira oyera pa balapo kwa mphindi 20. Nsalu imene yamatirira musaikoke. Musapakepo mafuta, dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi. Phimbani ndi nsalu yoyera ndipo thamangirani kuchipatala.

A wapampando, ndisathe mawu. Ine sindikunyoza mbewu imeneyi. Ngati alimi athu adzakolole luzi labwino, ndipo padzapezeke makina olipotera, tidzakhala ndi mabuluku a ntchito, zikwama, matenti ndi mayunifolomu a sukulu oti mkulu asiyire mng'ono wake. Koma malonda atsopano amafa msanga akayamba ndi bodza. Tsiku limene mwana mmodzi adzapse atavala chovala chimene amayi ake adauzidwa kuti sichigwira moto, anthu adzaitaya nsaluyi pamodzi ndi zabwino zake zonse. Pempho langa nlakuti aliyense wogulitsa alembe poyera zimene zili m'nsalu yake ndi kulemera kwake, ndipo amene akunena kuti yake siipsa aonetse chikalata cha kumene idayesedwa. Inu ogula, funsani, pakuti safunsa adadya phula.